Jakisoni wa m'Chigafa

Phazi la a Vitus linayamba zachilendo Lachitatu m'mawa, sabata imene anthu a ku Mkanda anali kalikiliki kukumba mtedza. Mkazi wawo Esitele ankasesa pabwalo pamene anawaona akutuluka m'nyumba ngati munthu wowoloka matope. Mwendo wakumanja ankaukweza m'mwamba, phazi lili lende, kenako n'kuliponya pansi kuti phwa! Patapata inavuka n'kutsala pakhomo, eni ake osadziwa n'komwe.

"Bambo a Princess, kayendedwe kameneko mwakatenga kuti?" anafunsa Esitele akuseka.

"Ndi dzanzi chabe. Ndinagonera mwendo," anatero a Vitus, maso ali kumbali.

Dzanzi logonera mwendo limatha munthu asanamalize kusukusula. Ili silinathe. A Vitus anatulutsa njinga yawo ya kabaza n'kukwera, koma atangopalasa kawiri phazi linaterereka papedulo, iwo ndi njinga yomwe khu! m'mbali mwa nkhokwe. Apa Esitele kuseka kunamuthera. Njinga imeneyo ndi imene inkadyetsa banja lonse, ndipo nyengo ya mtedza ndi pamene wakabaza amadyerera thukuta lake, mavenda akamasaka wowanyamulira matumba kupita kumsika. Tsiku limenelo njinga inabwezedwa m'nyumba dzuwa lisanakwere.

Esitele anachita zimene mayi aliyense wa kumudzi akanachita. Anatereka madzi, ananyika kansalu, n'kuyamba kuthowa phazilo.

"Akutentha?"

"Ayi, onjezerani amoto. Sindikumva kanthu."

Anaonjezera. Mawa lake pamwamba pa phazi panali matuza atatu akuluakulu. Esitele anagwira pakamwa. Iye ndi amene anawotcha amuna ake, koma iwo sanati ngakhale "mayo". Chozunguza mutu n'chakuti munthu yemweyo, amene sanamve madzi otentha, ankabuula tsiku lonse kuti mwendo ukuyaka moto kuchokera kuseri kwa ntchafu mpaka kuchidendene.

"Ndiuzeni chimodzi, bambo a Princess. Mwendowu ukumva kapena sukumva?"

"Ukumva, komanso sukumva."

"Aa! Nanga ine ndithandize uti?"

Lachisanu anapita kuchipatala chaching'ono cha kufupi. Anapezako namwino wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo woyamba kubadwa. Namwinoyo anatsuka matuza aja, anagwira phazi, analipinda uku ndi uku, kenako anayamba kufunsa. Kodi munagwa? Ayi. Msana ukupweteka? Ayi. Pali pena pamene pakuwawa, mwina m'chiuno kapena kumatako? A Vitus anayang'ana kudenga ngati kuli kanthu kolembedwa.

"Ndi phazi lokha, mwanawe."

"Nanga masiku ano mwabayitsako jakisoni?"

"Ndati ndi phazi lokha."

Namwino uja anawapatsa mapiritsi ochepetsa ululu, analetsa Esitele kuthowa, ndipo analemba kalata yoti apite nayo kuchipatala chachikulu ku Boma osachedwa. A Vitus anaipinda bwinobwino kalatayo n'kuilonga m'thumba la jekete. Jeketelo analipachika pamsomali, ndipo kalata inagona momwemo masabata atatu.

M'mudzi matenda achilendo sasowa madokotala. Wina anati ndi sitiroko. Wina anati ndi shuga, asiye tiyi. Ambiri anati a Vitus anaponda mankhwala, poti anthu akabaza amalimbirana makasitomala, ndipo wanjiru akhoza kutchera panjira. Esitele ankamvetsera zonsezi, ndipo aliyense akalankhula zinkamveka zoona mpaka wina atabwera ndi zake. Mlungu wachiwiri anapita nawo kwa sing'anga, amene anawatemera mphini zisanu ndi imodzi pakakolo n'kupaka zakuda. Mphini zinapola, phazi lili chilendewerere.

Koma Esitele ndi mayi wa maso. Anaona kuti amuna ake akakhala pampando amakhalira mbali imodzi, ngati thumba losanjikidwa molakwika pakaliyala. Anaona kuti munthu amene kale ankaitana kubafa kuti adzam'tsuke kumsana, tsopano ankakoka chiguduli cha pakhomo mpaka pansi. Akavala, ankatembenukira kukhoma. Mtima wake unayamba kupita kutali. Kodi si matenda otenga kwa akazi a kumalire kuja amapita ndi katundu? Nanga matenda amenewo amagwira phazi? Anafuna kufunsa, koma funso lotere likatuluka m'kamwa silibwerera. Analimeza.

China chimene sankachimvetsa chinali mchimwene wake, Enoki. Enoki ndi amene anthu a m'midzi yozungulira ankamuitana nkhumba kapena mbuzi ikadwala. Sanapite kusukulu ya zimenezo ayi. Anaphunzira pogwirira ziweto alangizi akamabaya, kenako anagula jakisoni wakewake, mankhwala n'kumaoda kwa ochita malonda odutsa malire. Dzanja lake linali lotchuka. Esitele mwiniwake ankanyadira pachitsime kuti nkhumba ikaona achimwene ake imadzuka yokha. Pang'ono ndi pang'ono anthu ena anayamba kupitako mwakachetechete ndi matupi awo omwe, poti kwathu kuno ambiri amakhulupirira kuti piritsi ndi masewera, mankhwala enieni ndi a singano.

Enoki ndi a Vitus anali pachilamu chenicheni, chonyogodolana mpaka misozi. Koma chiyambire matendawa, Enoki ankabwera m'mamawa, kulowa m'munda wa mlongo wake, kukumba mtedza mpaka masana osapempha ngakhale madzi. Akakumana ndi alamu ake, moni anali wa anthu okumana pamaliro. Esitele anayamika Mulungu pomupatsa mchimwene wachifundo, ngakhale chifundocho chinkaoneka chopitirira muyezo.

Sabata yachitatu ikutha, Esitele anayerekeza miyendo iwiri ya amuna ake ali pamkeka. Katumba wakumanja anali atayamba kuphwa. Mantha anamugwira kwambiri, chifukwa anazindikira kuti mwendowo ukupita, ndipo ukapita, njinga idzadyedwa ndi dzimbiri m'nyumba. Apa anaganiza nzeru imene kwa iye inaoneka yoposa zonse. Anatuma uthenga kwa Enoki kuti abwere ndi chikwama chake.

Enoki anafika masana, chikwama chili m'khwapa, nkhope ili yakugwa.

"Achimwene," anatero Esitele, "mapiritsi alephera, mphini zalephera. Anthu akutali mumawathandiza, nanga alamu anu? Abayeni jakisoni wamphamvu, mwendowu udzuke."

Munthu amene kwa masabata atatu ankadzuka mochita kugwira khoma, tsiku limenelo anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Ayi! Ayi, ndakana! Woyamba uja ndinamva ngati mphenzi yandiwomba mpaka kuchidendene. Wachiwiri ndiye mundipha!"

Esitele anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa amuna ake.

"Woyamba uti?" anafunsa Esitele.

A Vitus anayang'ana Enoki. Enoki anayang'ana chikwama.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, mochita kukoka. Lolemba la sabata ija a Vitus anadzuka thupi likuphwanya, mutu ukuwawa. Kupita kuchipatala kunatanthauza kutaya tsiku lonse pamzere, pomwe mavenda ankadikira ndi matumba. Ndiye anapatukira kwa alamu awo. Awiriwo analowa m'chigafa cha fodya, kuseri kwa khola la nkhumba, kuopa maso a anthu. A Vitus anatsitsa thalauza n'kugwira mzati, Enoki n'kubaya. Singano itangolowa, moto unathamanga mwendo wonse, a Vitus anakuwa. Enoki anati, "Ndi mphamvu ya mankhwala imeneyo, alamu, limbani mtima," n'kumaliza kupopa. Pamalopo panatupa chotupa cholimba chimene mpaka tsikulo sichinkalola munthu kukhala bwino.

"Ndiye masabata atatu onsewa, ine ndikuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, inu awiri mukudziwa?"

"Sitikudziwa kanthu, mlongo wanga," anatero Enoki, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. "Ine ndinabaya kumtunda. Chadwala ndi phazi. Taona kutalika kwake! Zikugwirizana pati? Mtima wokha ndi umene ukundivuta, poti zinatsatizana."

"Nanenso ndimaona choncho," anavomereza a Vitus. "Chotupa ndi nkhani ina, phazi ndi nkhani ina."

"Nanga namwino uja atakufunsani, munakaniranji?"

"Mayi a Princess, ine ndi msinkhu wangawu ndikatchule malo amenewo pamaso pa kamtsikana? Kenako kandiuze kuti vulani? Komanso ndikanawaika alamu anga m'mavuto."

Esitele anakhala pansi. Mbali ina mtima unatsika, poti nkhani ya akazi a kumalire inali itafera pomwepo. Mbali ina mutu unazungulira kuposa kale. Nayenso sankaona njira yochokera kuthako kukafika kuchala chakuphazi. Koma ankadziwa kuwerenga masiku: jakisoni Lolemba, kutsimphina Lachiwiri, phazi lende Lachitatu. Analowa m'nyumba, anapisa m'thumba la jekete, n'kutuluka ndi kalata ija.

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mawa tikupita ku Boma, tonse atatu. Inunso achimwene, ndi kabotolo ka mankhwala anuwo."

M'mawa anthu a pasiteji anaona zimene sanazionepo: a Vitus, katswiri wa kabaza, atakhala pakaliyala ya njinga yawo yomwe, atapendekera mbali imodzi, Enoki akupalasa thukuta lili kamukamu. Esitele anali pambuyo panjinga ina. Atafika pamsewu anakwera galimoto mpaka ku Boma.

Dokotala amene anawalandira anali a Lonjezo Zulu, bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga. Anawerenga kalata, anayang'ana tsiku limene inalembedwa, n'kuwayang'ana onse atatu pamwamba pa magalasi. Anauza a Vitus kuti ayende kuchokera pakhomo kufika pawindo. Kenako anati aime ndi zidendene. Phazi lakumanzere linadzuka, lakumanja linakana.

"Bambo, munabayidwa jakisoni kuthako lakumanja?"

A Vitus anatsegula pakamwa, koma Esitele anawatsogolera. "Eya, adokotala. M'chigafa. Obaya ake ndi awa."

Enoki anafuna kulowa pansi. Anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika patebulo. Pepala la pakabotolopo linali litafufutika moti ngakhale a Zulu sanathe kuwerenga dzina la mankhwalawo.

"Koma adokotala, ndithandizeni," anatero Esitele. "Mwadziwa bwanji musanaone? Ife tonse takhala tikuyang'ana phazi. Kumtunda ndi kuphazi zikukumana pati?"

A Zulu anakoka katani, anayeza chotupa chija, n'kubwerera. Anati mwayi ulipo, mulibe mafinya. Kenako anafunsa a Vitus ntchito imene amagwira.

"Kabaza, bwana."

"Basi, inu ndiye mumva msanga. Mukagwira buleki kumahandulo, tayala lakumbuyo limaima bwanji, pomwe dzanja lanu silinalikhudze?"

"Pali waya wochokera kutsogolo."

"Wayayo ataphwanyika pansi pa chishalo, buleki n'kusiya kugwira, mungakagule tayala latsopano?"

"Ameneyo ndiye kuti njinga saidziwa."

"Inu mwatha masabata atatu mukukonza tayala."

Anatenga choko m'kabati, anapempha a Vitus kuti aime chotembenuka, thalauza lili m'chiuno, n'kuyamba kujambula pansalu pomwepo. A Vitus anatseka maso, koma sanathawe.

"Thako si nyama yongokhalira ayi," anatero a Zulu. "Muli minofu itatu yosanjikizana. Waukulu uli pamwamba. Umenewu ndi umene umakudzutsani pampando, ndiponso umakukankhani mukamakwera chitunda ndi matumba. Iwiri inayo ili mkati, chakumbali, ndipo imagwira chiuno kuti chisapendekeke mukaponda ndi mwendo umodzi. Tsono pansi pa mnofu waukulu uja pamadutsa mtsempha waukulu kuposa yonse yamtundu wake m'thupi, wonenepa ngati chala. Si wa magazi. Ntchito yake ndi kunyamula uthenga, monga waya wa buleki uja."

Choko chinatsika. "Umachokera kumunsi kwa msana, umadutsa apa chapakati, n'kutsika kuseri kwa ntchafu, pansi pa minofu itatu imene imapinda bondo. Ukayandikira kuseri kwa bondo umagawika pawiri. Nthambi ina imatsika m'katumba mpaka kunsi kwa phazi. Inayo imazungulira kunja kwa bondo, ndipo ndi imene imauza phazi kuti dzuka, ndi kuuza mutu kuti madzi awa ndi otentha. Mtsemphawu ukavulala kumtunda, amalira ndi phazi."

Esitele anatsatira mzere woyerawo ndi maso kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu, zinthu zinalumikizana m'mutu mwake: moto wa kuseri kwa ntchafu, matuza osamva, kukhalira mbali imodzi. Onse anali matenda amodzi.

A Zulu anajambula mtanda pathako lathalauzalo, kuligawa panayi. "Tsopano inu abambo, lozani pamene munabaya."

Enoki analoza chapakati, motsikirako pang'ono.

"Chifukwa chiyani pamenepo?"

"Ndi pamene pali nyama yambiri, bwana. Ine ndimadziwa kuti pofunika kupewa ndi fupa. Ziweto ndimabaya choncho."

"Pamene pali nyama yambiripo ndi pamsewu weniweni wa mtsempha. Ophunzira ntchitoyi akafuna kubaya kuthako amasankha chigawo ichi chokha, chakumtunda, chakunja, kufupi ndi fupa la m'chiuno. Ana aang'ono sitiwabaya kuthako n'komwe, timabaya pantchafu, chakutsogolo cham'mbali. Ndipo wodwala akakuwa kuti moto watsika mwendo, singano imazulidwa nthawi yomweyo, osapopa mankhwala." Apa a Zulu anaika choko pansi. "Koma mundimvetse bwino. Sindikukuphunzitsani kuti mukabaye bwino ulendo wina. Ngakhale malo mutawadziwa, matenda simunawayeze, mankhwala simukuwadziwa, mlingo wake simukuudziwa. Lamulo sililola munthu wosaphunzira ntchitoyi kubaya anthu. Alamu anuwa akanayezedwa magazi tsiku lija, mwina mapiritsi okha akanawachiza."

Enoki anagwetsa misozi pamaso pa mlongo wake, bambo wamkulu ndithu. "Ine ndimayesa ndikuthandiza, bwana."

Esitele anafuna kumukalipira, koma anadziletsa. Anakumbukira kuti dzulo lomwelo ndi iyeyo amene anaitanitsa chikwama, n'kupempha jakisoni wachiwiri ndi pakamwa pake. Manyazi anamugwira, pamodzi ndi mantha a zimene zikanachitika a Vitus akanavomera.

"Adokotala, adzapalasanso njinga?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindikulonjezani, mayi. Mtsempha umachira pang'onopang'ono, miyezi ndithu, ndipo ena sabwerera mwakale. Mukanabwera sabata yoyamba bwenzi titayamba kale kuteteza minofu kuti isaphwe. Koma chidendene akutha kuchikweza, ndiye kuti mtsempha sunaduke wonse. Tiyeni tigwire ntchito."

Anawatumiza kuchipinda cha mafizo, kolimbitsira ziwalo zofooka, kumene anakumana ndi mayi Benedicta, mayi wanthabwala koma wosanyengerera. Iwo anawapatsa a Vitus chipulasitiki chomanga kuseri kwa mwendo kuti phazi lisamalendewere. Anaphunzitsa Esitele kukoleka chitenje kuphazi n'kumalikokera m'mwamba, m'mawa, masana ndi madzulo, kuti kakolo asaume. Anati phazi losamva ndi lofunika kuliyang'ana tsiku lililonse ngati lili ndi bala, livale nsapato yotseka, lisayandikire moto, ndipo madzi otentha ayi. Anawalembera masiku obwereranso.

Miyezi imene inatsatira inali yowawa. Mtedza unagulitsidwa, mavenda anapita, njinga ikupalasidwa ndi Enoki, amene madzulo aliwonse ankabwera kudzasiya zimene wapeza m'manja mwa mlongo wake. Jakisoni wake anamusungira nkhumba zokha, ndipo aliyense wobwera ndi thupi lake ankamulozera njira ya kuchipatala. A Vitus masiku ena ankakwiya, kukana chitenje, kunena kuti n'kungotaya nthawi. Esitele sankatsutsana nawo. Ankangokhala pansi, kunyamula phazilo n'kuliika pamiyendo pake, n'kuyamba kukoka.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Esitele akupukuta phazilo, a Vitus anati, "Tayang'anani." Chala chachikulu chinagwedezeka. Pang'ono zedi, ngati mutu wa buluzi. Esitele analulutira mpaka oyandikana nawo anathamanga poyesa kuti kwabadwa mwana.

Mvula yoyamba itagwa, a Vitus anabwerera pasiteji. Phazi linali litayambanso kudzuka lokha, ngakhale silinafike mwakale. Akatopa linkakwekwereza pang'ono, ndipo pamwamba pake panatsala kachigawo kosamva mpaka lero. Koma pedulo linkaigwira, ndipo matumba a feteleza ankafika kwa eni ake.

Tsiku la msika Esitele ankagulitsa tomato pafupi ndi sitejiyo pamene anamva wakabaza wina, dzina lake Joe, akudandaula kuti thupi likuphwanya.

"Kuchipatala mzere wake ndi wautali. Pali munthu wina kuseri kwa chigayo amabaya jakisoni wa ku Zambia, mawa lake umadzuka uli gwa."

A Vitus anatsika panjinga. Anaimika njingayo bwinobwino. Kenako, pakati pa msika, pamaso pa azimayi a tomato ndi anyamata a matumba, anatembenuka n'kudzimenya pathako kuti pha!

"Joe, yang'ana kuno! Usaseke, yang'ana! Muno mumadutsa mtsempha wonenepa ngati chala, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi. Ine ndinaopa kutaya tsiku limodzi pamzere, ndinataya miyezi isanu ndi umodzi pamkeka. Ukuona mmene ndikuyenderamu? Kwera, ndikakusiye kuchipatala. Sulipira."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Joe nayenso anaseka, koma atayang'ana phazi la a Vitus kuseka kunachepa, ndipo anakwera pakaliyala. Esitele sanaseke. Anaima ndi tomato m'manja, misozi ili m'maso, akuyang'ana mwendo wakumanja uja ukukankha pedulo mpaka njinga inakhota pakona.

Abale, jakisoni si wamphamvu kuposa piritsi, ndipo thako si malo oti aliyense wokhala ndi singano abayepo. Mukadwala, pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo musalole kubayidwa ndi munthu amene sanaphunzire ntchitoyi, ngakhale akhale m'bale wanu wokukondani. Ngati mwabayidwa ndipo mwamva moto ukutsika mwendo, dzanzi losatha, kapena phazi layamba kulendewera, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika, nenani zonse osabisa, ndi malo omwe amene mukuchita nawo manyaziwo. Dokotala amathandiza msanga munthu amene wanena zoona.